Ndinapeleka mwana ku atachimenti ndi tambala, tsopano akufuna kuthawa intavyu

Aphungu,

Monile. Ine kulemba sinditha bwino. Sukulu ndinalekela Sitandade 2, ndipo maso nawonso ayamba kukana. Amene agwila cholembela ndi a Justina, mlembi wa mpingo wathu kuno ku Kapichila, koma mau onse ndi anga. Ndawapempha kuti asakometse chilichonse, ndipo akamaliza andiwelengele kawili. Pa nkhani iyi ndalakwa kale kamodzi, sindifuna kulakwanso m'kalata.

Ndili ndi zaka 73. Ndimalima chimanga ndi nshawa, zimene ena amati mtedza, fodya ndinaleka msana utayamba kuvuta. Ana ndili nawo asanu ndi mmodzi, koma amene anafika ku koleji ndi wotsiliza yekha, Faides. Akuphunzila zaulimi ku Lusaka, chaka chachitatu. M'mudzi mwathu monse palibe mtsikana wina amene anafikako.

Mwana uyu amandidabwitsa, Aphungu. Chaka chatha anabwela pa holide ife tikusenda nshawa. Amake, aNyaMtonga, anali kuwaza madzi pa makoko kuti afewe, monga tonse timachitila kuno, kuti zala zisapweteke ndiponso nshawa zisasweke. Faides anagwila mkono wa amake nati, "Amama, lekani. Madzi amenewo ndiwo amabweletsa chuku, ndipo chukucho chimasiya poizoni m'kati mwa nshawa. Ngakhale mukazinge, poizoniyo sachoka." Amake anati, "Takhala tikuwaza madzi iwe usanabadwe. Wafa ndani?" Iye anati, "Sapha lelo. Amadya chiwindi pang'onopang'ono. Ndipo ndicho chifukwa chake ogula akuluakulu amabweza nshawa za kuno." Tinaseka, koma tinamvela. Chaka chino tasenda zouma gwa, zala zathu zinatupa.

Mwezi watha anabwelanso, nandifotokozela za chinthu chimene amati atachimenti. Akuti asanamalize koleji ayenela kukagwila ntchito miyezi itatu pa malo enieni, kuti zimene anawelenga m'mabuku azione ndi manja. Popanda zimenezo pepala lake silituluka. Malo anapeza awili. Oyamba ndi shopu ya mbewu ndi feteleza pafupi ndi msika wa Lundazi. Mwini wake, a Mabvuto, anavomela kale, ndipo Faides angamagone kwa azakhali ake ku boma komweko. Achiwili ndi kampani ina ku Chipata imene imagula nshawa, ndipo ili ndi chipinda choyezela, chimene iwo amati labu. Kumeneko safuna ana ambili. Malo ndi awili chabe, amene analemba makalata ndi khumi ndi anayi, ndipo Faides anamuitana ku intavyu, kuti akayankhe mafunso pa 20 mwezi uno. Malipilo kulibe.

Atamaliza anandiyang'ana nati, "Adada, inu muona bwanji? Ndipite kuti?" Ine ndinati, "Ndiganize." Kunena zoona ndinachita mantha. Mwana amene amadziwa za poizoni wosaoneka ndingamuuze chiyani ine? Anabwelela ku Lusaka ndisanamuyankhe.

Koma chinthu chimodzi ndinali kuchidziwa bwino. Ine ndinaphunzila kupala magoli ndi kukonza ngolo za ng'ombe kwa mmisili wina, malemu a Nason. Tsiku loyamba sindinapite ndekha. Atate anga anandipelekeza atanyamula tambala, anakhala pansi pa khonde la a Nason, nati, "Mwana uyu ndi wanu tsopano. Akalakwa mudzudzuleni, akadwala mutiuze." Kwathu kuno ndi mmene timachitila. Mwana amene wangofika yekha pa khomo la mmisili amaoneka ngati alibe kwao. Amamupatsa tsache ndi zonyamula, koma nzelu zenizeni za ntchito samuuza. Ndiye ndinati mumtima: mwana wanga ali ndi atate, sangakaime pa khomo la eni ake ngati wamasiye.

Sindinamuuze. Ndinagwila tambala, ndinadzaza chitini ndi nshawa zosenda, zosankha bwino, ndinavala jekete la ku tchalitchi, ndi kukwela basi ya ku Chipata.

Pa geti la kampaniyo mlonda ataona chitini anaganiza kuti ndine mlimi wobwela kudzayezetsa mbewu. Anandithandiza kumanga tambala pa mtengo, nanditengela kwa mkulu wa labu, mayi wina dzina lake a Sophia, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandilandila ndi manja awili, nandifunsa za ulendo m'Chitumbuka. Ine ndinati ndisathamangile nkhani, mlendo sayamba ndi chimene wadzela. Iwo anatapa nshawa zanga pang'ono nati, "Tiyeni muone mmene timayezela."

Aphungu, pano ndawauza a Justina kuti alembe pang'onopang'ono, chifukwa zimene ndinaona sindidziwa ngati ndingazinene bwino. Chipindacho n'chozizila ngati kudambo m'mawa wa Juni. Pansi mungadyelepo. Onse avala makhoti oyela, ndipo anandiveka langa. Anapela nshawa zija, anasakaniza ndi mankhwala ena amadzi, anaviikamo kapepala kochepa ngati chala, ndi kukalowetsa m'makina aang'ono ngati wailesi. Tinadikila mphindi zochepa, makinawo anaonetsa nambala. A Sophia anamwetulila nati, "Adada, nshawa zanu n'zoyela. Simuwaza madzi posenda, eti?" Ndinati tinaleka. Makina amene sanafikepo ku Kapichila anadziwa zimene zinachitika pa mphasa ya pakhomo panga!

Kenaka anandiitanila ku makina ena oonela tinthu tating'ono. Pansi pake anaika kagalasi kokhala ndi kadontho ka chuku, kochepa kuposa njele ya mawele. Ndinaika diso. Ndinaona munda. Mapesi ataima, ambilimbili, lililonse lili ndi mutu wake wobulungila ngati mapila okhwima. Ndinachotsa diso, kadontho chabe. Ndinabwezela diso, munda uli pomwepo. Ndinachita zimenezi katatu, mpaka atsikana a m'chipindamo anayamba kuseka. Ndalima moyo wanga wonse osadziwa kuti Mulungu anabisa minda ina m'kati mwa zokolola zanga. Ndipo mwana wanga, amene ndinali kumunyamula pa njinga kupita naye ku sikelo, amadziwa maina a zinthu zimenezi!

Ndi pamenepo pamene ndinaimilila bwinobwino, ndinawomba m'manja, ndi kunena mau a atate anga aja. Ndinati ndine atate a Faides, mwanayo ndi wao tsopano, akalakwa amudzudzule, ndipo panja pali tambala.

Nkhope ya a Sophia inasintha. Anati, "Adada, khalani pansi." Ananditengela m'kaofesi, natseka chitseko, nati, "Ine ndine mmodzi wa anthu atatu amene adzafunsa anawa mafunso. Tambala sindingalandile, ngakhale nshawa zotsalazi. Ndipo ndiyenela kuuza anzanga awili aja kuti kholo la mwana mmodzi linabwela ndi mphatso. Ndikabisa, tsiku limene zidzamveke zidzaipila Faides yemweyo." Ndinati, "Mayi, ichi si chiphuphu. Ndi ulemu." Iwo anati, "Ndikudziwa. Atate anga akanachita chimodzimodzi. Koma ana ena khumi ndi atatu aja nawonso ali ndi makolo." Anandipelekeza mpaka pa geti atandinyamulila chitini okha.

Ndinabwela ndi tambala wanga. M'basi mwamuna wina anati, "Mdala, Chipata yonse yakana tambala wanu?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Nditafika ndinamuimbila Faides ndi kumuuza zonse, chifukwa sindinazolowele kubisila ana anga. Anamvetsela mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Adada, munapita kuti?" Ndinabweleza. Anati, "Kalata ija ndinailemba katatu, ndekha, mpaka anandiitana. Tsopano ndikalowa m'chipinda chija sadzaona ine, adzaona tambala." Ndinayamba kumufotokozela za a Nason, koma anandidula, chinthu chimene sanachitepo chibadwile. Anati, "Sindipitako. Pa fomu ya ku koleji ndilemba shopu ya a Mabvuto." Kuyambila tsiku limenelo ndikaimba amandipatsa moni mwaulemu, kenaka amati, "Apatseni amama."

Kuno aliyense ali ndi nzelu zake. ANyaMtonga akuti, "Ndinakuuzani mutenge tambala wofiila uja. Munthu wa mu ofesi mungamupatse tambala woonda?" Mng'ono wanga akuti mlandu wotele sutha ndi mau, ndibwelele ku Chipata ndi mbuzi yopepesela. A Mathew, mkulu wa mpingo, adzipeleka kuti andipelekeze kukandilankhulila, popeza iwo Chingelezi amachidziwa. Mbuziyo ndasankha kale. A Justina akugwedeza mutu pamene akulemba zimenezi, koma ndawauza kuti alembe ndithu.

Aphungu, shopu ya a Mabvuto sindiinyoza, ndi munthu wabwino. Koma ndinaona ndi maso anga chipinda chimene mwana wanga ayenela kuimamo, ndipo ndine amene ndamutsekela khomo. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Kodi ndipite ndi mbuziyo? Ngati ayi, kholo losaphunzila ngati ine lingachite chiyani kuti lithandize mwana pa zinthu zimene silizidziwa?

K.Z., Kapichila, Lundazi

Adada K.Z.,

Yewo chifukwa cha kalata yanu. Ndayankha msanga popeza masiku akutha, ndipo maina a anthu ndawasintha kuti tisamuwonjezele mwana manyazi.

Choyamba, mbuzi ibwelele m'khola. A Mathew muwathokoze, akhale. Tambala mmodzi anthu a ku labu angamumvetse kuti ndi mkulu wa kumudzi amene anatsata mwambo wa kwao. Mbuzi yobwela pambuyo poti mwauzidwa kale kuti mphatso n'zoletsedwa, sangaimvetse mwanjila ina koma kuti mukukakamiza. Pamenepo ndiye khomo lidzatsekekadi. Musapiteko, musatumeko munthu, musaimbeko foni. Ndipo muwauze aNyaMtonga kuti ngakhale wofiila uja akanabwela pa basi yomweyo.

Tsopano mvetsani bwino: khomolo silinatsekeke. Palibe amene wauza Faides kuti asabwele. Mayi aja anakuchitilani zabwino kuposa mmene mukuganizila. Pouza anzao poyela, anachotsa mpata woti wina adzanene mawa kuti mwanayo analowa ndi nkhuku. Munthu amene wakwiya nanu sakunyamulilani chitini mpaka pa geti.

Mwambo wanu si wopusa. Atate anu anafuna kuti a Nason adziwe kuti kumbuyo kwa mwana kuli anthu. Koma a Nason sanali kusankha pakati pa ana khumi ndi anayi. Masiku ano amene amapeleka mwana kwa mmisili ndi kalata ya ku koleji, ndipo amene amamulankhulila ndi iye mwini. Kuima yekha pa khomo ndi mbali ya phunzilo lenilenilo.

Ndikuuzeni mosabisa pamene munalakwa kwambili. Si ku Chipata ayi. Ndi pakhomo panu, tsiku limene mwana anakufunsani kuti, "Ndipite kuti?" Anafuna maganizo anu, inu munamuyankha ndi ulendo wa mseli. Choncho wofunika kumupepesa ndi Faides. Muimbileni. Akati apatseni amama, nenani kuti muli ndi mau awili chabe. Muuzeni kuti munalakwa popita osamufunsa, ndipo simudzachitanso. A Nason musawatchule. Kupepesa kumene kuli ndi "koma" kumbuyo kwake sikufika pamtima.

Akakumvelani, muuzeni zimene munandiuza ine. Kodi mwanayo akudziwa kuti munaika diso pa makina aja katatu? Akudziwa kuti nshawa zanu zinapezeka zoyela chifukwa cha mau ake? Ndikukayika. Pa foni paja iye anamva za tambala chabe. Ine amene ndimawelenga makalata ambili ndinaima kaye nditafika pa munda wa mapila uja. Mwana amene akuganiza kuti atate ake anamuchititsa manyazi ayenela kumvanso kuti atate omwewo anazizwa poona ntchito yake.

Kenaka yankhani funso lake lija. Simufunika kudziwa za labu kuti mumuthandize kusankha. Mufunseni zimene munthu aliyense wophunzila ntchito amafunsa. Pa malo awiliwa, ndi kuti kumene adzagwila ntchito ndi manja ake, osati kungoonelela? Adzamuyang'anila ndani, ndipo munthuyo ali nayo nthawi yophunzitsa? Pomaliza adzamulembela kalata yomuchitila umboni? Akamaliza koleji akufuna ntchito yotani, ndipo ndi malo ati amene amuyandikizitsa kumeneko? Funsani, mukhale chete, mumvetsele. Pa shopu angaphunzile zambili, kulankhula ndi alimi si chinthu chochepa. Koma apiteko chifukwa waisankha, osati chifukwa akufuna pobisala. Zimenezi mungamuuze, kamodzi kokha.

Akavomela kupita ku intavyu, pali zinthu ziwili zoti achite yekha. Auze mphunzitsi wake amene amayang'anila za atachimenti zimene zinachitika, asadzazimve kwa ena. Ndipo alembele kampaniyo mizele yochepa: kuti atate ake anabwela iye osadziwa, potsata mwambo wa kwao, kuti akumvetsa chifukwa chake mphatso sizilandilidwa, ndipo adzafika pa 20 monga anamuitanila. Asalile m'kalatamo, asakunyozeninso. Wophunzila amene amatha kukonza nkhani yovuta mwaulemu chonchi, ofunsa mafunso amamukumbukila.

Inu ntchito yanu ilipo, ndipo ndi yaikulu. Miyezi itatu yopanda malipilo imagonjetsa ana ambili, osati chifukwa cha nzelu koma chifukwa cha pogona ndi chakudya. Apa ndi pamene a Mathew angathandize: afunse kwa a mpingo wanu ku Chipata ngati pali banja lodalilika limene lingasunge mtsikana, ndipo Faides akalione yekha asanavomele. Konzani ufa, nyemba ndi nshawa zoti adzanyamule. Za ulendo mukambilane ndi abale ake asanu aja, asakusiyileni nokha. Chinanso, asanapite ku mafunso mumupemphe akufotokozeleni za chuku pa foni ngati kuti ndinu mlimi amene sanamvepo. Pamene simunamve, nenani kuti simunamve. Akatha kukumveketsani inu, anthu atatu aja sadzamuvuta.

Chenjezo langa ndi ili. Malo ndi awili, ofuna ndi ambili. Angapite, nayankha bwino, koma osatengedwa. Zikatelo musadzigugude pachifuwa pamaso pake kuti ndinu munamulepheletsa, chifukwa mudzamusenzetsa ntchito yotonthoza inu pamene wofunika kutonthozedwa ndi iye. Ndipo akamva zonse nasankhabe kukhala ku Lundazi, mudalitseni ndi mtima wonse, chifukwa moyo ndi wake. Chimene chili m'manja mwanu ndi foni ya mawa m'mawa. Imbani musanapite kumunda, ndipo mau anu oyamba akhale akuti, "Mwana wanga, ndinalakwa."

Aphungu